Dengu Wafanso

LOLEMBA

M'mawa. Dengu wafanso.

Foni ikulira ndisanasambe n'komwe. Ndi Esinati, kalaliki wa pa sikelo ya kumtunda: "A Kompyuta, chinthu chanu chija chaima." Chinthu changa! Sindinachilembe ine, sindinachigule ine, ndinangochipeza pano ngati nsikidzi za m'nyumba ya lendi.

Ndilembe bwinobwino, kuti ndikadzapenga anthu adzadziwe chimene chinandipengetsa. Dengu ndi pulogalamu ya pa tabuleti imene imalemba makilo a tiyi amene wothyola aliyense wabweretsa pa sikelo. Ndimamutchula ngati munthu chifukwa ali ndi nkhanza za munthu. Anamulemba ndi Fanuwelo winawake, mwana wa konkuno ku Khwethemule, amene pano amakhala ku Blantyre ndipo foni sayankha. Sindinamuonepo. Ndimangomudziwira pa ntchito ya manja ake, ndipo yandikwana.

Njinga yamoto ya esiteti, fumbi m'mano, mtunda. Pa sikelo mzere wafika kumsewu, anthu madengu ali kumsana, masamba akutentha, thirakitala ikudikira, dalaivala wagona pa chiwongolero. Ndazimitsa tabuleti, ndafufuta kafayilo kamene kamatupa m'mimba mwake, ndayatsa, ndadikira. Wadzuka. Anthu aombera m'manja ngati ndaukitsa m'bale wawo.

Pa esiteti yonse ino wodziwa kudzutsa Dengu ndine ndekha. Ndinayesapo kuphunzitsa makalaliki awiri. Wina anafufuta nyimbo za kwaya yawo, wina anafufuta Dengu yense. Kuyambira pamenepo abwana anaika lamulo lakuti wokhudza m'mimba mwa tabuleti ndi ine basi. Ndiye tchuthi changa chimangosunthidwa mwezi ndi mwezi. Kwathu ku Mponela ndinapondako komaliza pa Pasaka.

Masana. Ofesi ya abwana. "Lachisanu kuli mitingi ya akuluakulu. Kontirakiti ya Dengu yatha, tiona ngati tiwonjezere kapena tigule pulogalamu ina. Ngati mukufuna achoke, mubweretse umboni, osati mkwiyo." Ndafunsa za tchuthi. "Tikapeza pulogalamu yoyenda yokha, mupite ngakhale mwezi wathunthu. Koma mvula ikatipeza tili ndi Denguyu, mukudziwa nokha, mayi."

Ndikudziwa. Mvula ikagwa tiyi amaphuka ngati wamisala, sikelo sipuma, palibe wopita kwawo mpaka Epulo atatha.

Umboni. Chabwino, auona.

Madzulo. Ndaimba kunyumba. Bambo a Tadala apereka foni kwa mwana. Kamawu kakang'ono: "Moni anti." Bambo ake akuseka chapansipansi, akuti ana amatero, ndisaziike kumtima. Ine sindikuseka. Mwana ndinamubereka ndekha, ndinamuyamwitsa ndekha, lero ndi anti. Mtima ukundiwawa, ndipo wondiwawitsa ndikumudziwa dzina.

Pulani ndi iyi. Ku koleji tinaphunzira njira yotchedwa fazi lojiki, masamu a zinthu zosayera zosada. Kompyuta wamba imangodziwa inde kapena ayi, 1 kapena 0. Fazi imalola zapakati: chinthu chikhoza kukhala choipa pang'ono, choipa ndithu, choipa kotheratu, chilichonse ndi nambala yake pakati pa 0 ndi 1. Umafunsa anthu amene amagwiritsa ntchito pulogalamuyo, amayankha ndi mawu wamba, iwe n'kusandutsa mawuwo manambala, n'kufinya zonse mpaka patuluke nambala imodzi. Akuluakulu kalaliki wodandaula samumvera, koma nambala yokhala ndi kadontho amaiopa.

Zoti ndiyeze:
liwiro lake
kudalirika kwake
kuphweka kwake m'manja mwa kalaliki
kukonzeka kwake akawonongeka

Ndikuyembekeza 0.2. Akafika 0.3 ndiye kuti wina wamupempherera.

LACHIWIRI

M'mawa wafa kumtunda. Dzuwa lili pamutu wafa kumunsi, pa sikelo ya pafupi ndi damu. Lero sindikukwiya kwambiri, ndatchera khutu. Zimene ndamva ndi makutu angawa:

Esinati: "Chinthu ichi anachilemba ali ndi malungo."

A Waisoni, kapitawo wamkulu, ndodo ili m'mwamba: "Tsiku lina ndidzachiponya mu damu, mudzandimange."

Mayi wina wothyola, dengu likumudula mapewa, wanena mawu a Chilomwe amene sindinawamve, koma mzere wonse wati ee, ndipo Esinati wakana kundimasulira.

Mboni zanga zimenezo. Mawa ndibwera ndi mafunso, aliyense alavule mwadongosolo.

Masana onse pa laputopu, kujambula timapiri. Mu fazi liwu lililonse limakhala ndi kaphiri kake. Ka "zoipa" kumanzere, ka "choncho" pakati, ka "zabwino" kumanja, m'munsi mwake mukulowana monga achitira mapiri a kuno, kuti yankho limodzi likhoza kuponda mwendo kuno mwendo uko. Kenaka kulemera kwa chilichonse. Kudalirika ndakupatsa gawo lalikulu, chifukwa pulogalamu yothamanga koma yomangofa ndi yachani. Kenaka malamulo:

NGATI liwiro ndi lochepa NDIPO amafa kawirikawiri, NDIYE KUTI ndi woipa.
NGATI ndi wovuta kukonza, NDIYE KUTI ndi woipa.
NGATI ndi wachangu NDIPO safa, NDIYE KUTI ndi wabwino. Ili ndangoliikapo kuti asanene kuti ndakondera.
NGATI womudzutsa ndi munthu mmodzi NDIPO munthuyo ali ndi mwana ku Mponela. Ili ndalifufuta. Sayansi sifuna misozi.

Ndayesa ndi mayankho ongopeka, a mkwiyo wanga. Yatuluka 0.1. Zikuyenda! Ndavina pang'ono nditakhala pa mpando. Timapiri ndi malamulo onse ndatumiza kwa abwana pompo, aone kuti ena sitinapite ku koleji kukadya nyemba zokha.

Chakumadzulo. Mayi amene amandigulitsa nthochi pa geti afika mpaka pakhomo pa ofesi. Dzina lawo sindilidziwa. Timangopatsana moni m'mawa, iwo "Mosheliwa" m'Chilomwe chawo, ine n'kupunthwa poyankha, iwo n'kufa nazo kuseka. Lero sakugulitsa. Andipatsa phava la nthochi ndi nsalu yatsopano m'jumbo, yobiriwira, ya nkhanga zachikasu. "Mwananga, iyi ndi ya Loweruka. Mubwere, musatichititse manyazi." Maso anga ali pa timapiri. Ndagwada pang'ono, ndalandira ndi manja awiri, ndati zikomo, ndibwera. Mwina ndi za ku tchalitchi kwawo. Anthu a kuno ndi opatsa, zimenezo sindikana.

Ndauza bambo a Tadala kuti ayambe kuyang'ana nkhuku yonenepa. Sabata ziwiri zikubwerazi ndili pa basi.

LACHITATU

Ndavala buluku chifukwa cha njinga. Pamwamba ndamanga nsalu yatsopano ija, poti amayi a m'munda akaona mkazi wa buluku amayankhira m'mphuno. Ndikufuna amasuke, atulutse zonse za kukhosi.

Kufika pa sikelo, anthu akundimwetulira mwachilendo. Mayi wina waimba kanthungululu. Ndikuganiza kuti mbiri yamveka yakuti Dengu akupita.

Funso loyamba kwa Esinati: liwiro la Dengu ndi lotani, loipa, choncho, kapena labwino? Esinati wayang'ana nsalu yanga, wayang'ana pansi. "Amayesetsa ndithu. Lembani labwino."

Esinati yemweyu. Wa malungo uja.

A Waisoni avula chipewa. "Fanuwelo, mwana ameneyo ndi mutu, mayi. Ali wamng'ono ankamasula mawailesi a m'mudzi monse." Ndati sindikufunsa za mwana, ndikufunsa za pulogalamu, imafa kawirikawiri kapena ayi. "Kufa ndiye ayi. Imapumulako pang'ono." Ndawakumbutsa za damu. Akuti damu lake liti.

Akulankhula choncho Dengu wafa m'manja mwa Esinati, kabwalo kakungozungulira pa sikirini. Ndaloza, ndati nanga ichi n'chiyani? Mayankho:
ndi netiweki
ndi dzuwa
"zala zathu n'zokhakhala, mayi, si vuto la mwana"

Ndamudzutsa ndi dzanja lamanzere, lamanja likulemba "zabwino" papepala. Kulemba zosiyana ndi zimene munthu wanena sindingathe, anthu akuyang'ana cholembera changa ngati nkhuku pa mtondo.

Kumunsi chimodzimodzi. Ku fakitale chimodzimodzi. Kalaliki wa kumeneko, amene mwezi watha anandiimbira akulira, lero akuti pulogalamu ngati iyi ngakhale ku Joni kulibe. Mlonda wa pa geti, amene sanagwirepo tabuleti chibadwire, wandithamangira kuti nayenso ndimulembe. Akuti zabwino kwambiri, ndipo ndikanene kuti wanena ndi iyeyo.

Madzulo ndalowetsa mayankho onse. Timapiri tachita ntchito yake, malamulo achita ntchito yake, ndafinya.

0.83.

Ndazimitsa laputopu, ndayatsa. 0.83. Ndaitukwana m'Chichewa cha kwathu, sinasinthe.

Zotheka n'zitatu:
masamu anga alakwika penapake
abwana awaopseza anthuwa
esiteti yonse yapenga tsiku limodzi

Ndadya nthochi zija mwaukali mpaka zatha. Kunyumba sindinaimbe, ndilibe chonena.

LACHINAYI

M'mawa wonse kufufuza mzere ndi mzere. Masamu alibe vuto. Njirayi ikuchita zimene ndinaituma, ukathira uchi imatulutsa uchi.

Ndamukokera Esinati kuseri kwa shedi. Ndamufunsa mosanyengerera kuti wakudyetsani chiyani nonsenu. Iye akudabwa kuti ine ndikudabwa.

"Mesa munavala nsalu ya kuchimuna?"

Kuchimuna kwa ndani?

"Ukwati wa a Fanuwelo, Loweruka lino. Mayi a nthochi aja ndi mayi awo."

Ndakhala pansi pa thumba la feteleza. Esinati wandiwerengera zonse, akupinda zala:

Nsalu ya nkhanga ndi yunifomu ya abale a mkwati. Wolandira walowa m'banja.
Anandipatsa chifukwa akuti ndine amene ndimalera ntchito ya mwana wawo.
Ndili mu komiti ya ukwati, mbali ya zoimbira, ndipo dzina langa linawerengedwa kale ku tchalitchi.
A Waisoni ndi ankhoswe.
Esinati ali mu komiti yophika.
Dzulo anthu ankayesa ndikusonkhanitsa mawu oyamikira oti akawerengedwe pa ukwati.

Ndiye kuti tsiku lonse la dzulo ndinayenda minda yonse nditavala mbendera ya Fanuwelo m'chiuno, n'kumafunsa anthu kuti Fanuwelo ndi woipa motani. Palibe ngakhale mmodzi wondikoka pambali. Ndakwiya ndi onse, ndakwiya ndi nkhanga, ndakwiya ndi ine ndemwe wolandira zinthu osafunsa.

Ndathamangira kunyumba, nsalu pa bedi, buluku lokhalokha, ndayambiranso. A Waisoni andimvetsera mwaulemu mpaka ndamaliza. "Tamva, mayi. Koma ife Loweruka tikadya mpunga wa mwanayu. Mayi ake tathyola nawo tiyi kuyambira tili anyamata. Sabata ino ayi. Mubwere sabata ya mawa, tidzakuuzani zoona zake, ngakhale za damu zija." Ndati mitingi ndi mawa. "Ndiye zavuta." Avala chipewa, apita.

Ndayesa njira ina. Ndagawa mapepala kuti aliyense ayankhe mwachinsinsi, osalemba dzina, aponye m'katoni. Mapepala abwera onse ndi mayina. Ena awonjezera mudzi wawo. Wina walemba kuti Ambuye awapatse ana amuna ndi akazi.

Chatsala chimodzi. Dengu amayenera kulemba yekha penapake nthawi iliyonse imene wagwa, ndipo umenewo ndi umboni wosadya mpunga wa munthu. Ndatenga tabuleti, ndafufuza, ndapeza malo ake. Mulibe kanthu. Ndi kafayilo kotupa kaja, kamene ndimafufuta tsiku ndi tsiku pomudzutsa. Chaka chonse ndakhala ndikusesa mapazi a wakuba ndi tsache langa. Ndi munthu wanji wolemba pulogalamu imene imadzuka pokhapokha ukawotcha mlandu wake?

Madzulo Satana wandiyendera. Ndasuntha timapiri pang'ono, kuti "zabwino" zitsetserekere ku "choncho", "choncho" ku "zoipa". Yatuluka 0.4. Yokongola. Ndaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ndabweza zonse m'malo mwake. Ndikanakonda kulemba kuti ndi chikumbumtima. Zoona zake n'zakuti abwana ali kale ndi timapiri toyamba, ndinawatumizira ndekha Lachiwiri podzionetsera.

Cha ku Mulanje kukuchita mdima. Mphepo yasintha.

LACHISANU

Ndalowa mu mitingi mawu ali okonzeka: manambalawa musawakhulupirire, anthu anayankha nsalu, sanayankhe funso. Ndakhala pansi, ndakweza maso.

Abwana avala shati yobiriwira ya nkhanga zachikasu.

Akuti akungoyesa ngati telala sanaiphonye. Mawa ndi mlendo wolemekezeka.

Ndafotokoza basi. Akonda kwambiri timapiri tija. Mkulu wochokera ku hedi ofesi, wa nsapato zonyezimira, wapempha kuti ndibwereze pamene zimafinyidwa. "Iyi ndiye sayansi. Ena amangotibweretsera madandaulo." Ndati koma bwana, mayankhowa ndi aulemu chabe, mwini pulogalamu akukwatira mawa.

"Munawafunsa nokha?" Inde.
"Munawakakamiza?" Ayi.
"Masamu ndi olondola?" Ndi olondola. Pakamwa panga pomwe!
"Ndiye vuto lili pati, mayi?"

Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene pamene pali vuto, foni. Esinati. Dengu wafa, thirakitala ikudikira, masamba akupsa. Ndaimirira, ndati nawu umboni, tiyeni tonse tikaone ndi maso. Mkulu uja wayang'ana nsapato zake, wayang'ana fumbi la panja. "Chilichonse chimavutako kamodzikamodzi. Paja mwalemba nokha kuti 0.83, simunalembe 1." Onse agwedeza mitu. Abwana ati thamangani mayi, tikudikirani.

Ndapita, ndazimitsa, ndafufuta umboni wina ndi manja anga, ndayatsa, ndabwerera. Sanandidikire. Ndawapeza akumwa tiyi ndi mabisiketi. Kontirakiti yawonjezedwa zaka zina zitatu. Lipoti langa litumizidwa ku maesiteti anzathu kuti nawonso aganizire zotenga Dengu, "ndipo poti mumamudziwa bwino, mudzawathandizako akavuta." Andigwira chanza mmodzimmodzi.

Tchuthi? "Tikambirana mvula ikatha."

Amene ndakwiya nawo lero:
abwana
mkulu wa nsapato
Esinati ndi foni yake
a Waisoni ndi chipewa chawo
mphunzitsi amene anatiphunzitsa fazi chaka chathunthu osatiuza kuti uyambe wafunsa ngati m'mudzimo muli ukwati
telala amene sanaphonye shati

Ndaimba kunyumba, ndawauza bambo a Tadala kuti nkhuku ija aisiye. Afunsa: "Nanga Khirisimasi?" Ndati tiona. Ndapempha mwana, ati wagona. Kunja kusanade n'komwe. Sindinalimbane nawo, nawonso atopa.

Mawa ku ukwati ndipita. Osati kukavina. Ndikufuna ndimuone Fanuwelo ameneyu maso ndi maso, ndimuuze zonse pamaso pa ankhoswe ake, mkazi wake adziwiretu munthu amene akumutenga.

LOWERUKA

Holo ya sukulu ku Khwethemule. Nkhanga paliponse. Nkhanga pa amayi, nkhanga pa makanda, nkhanga pa tayi, nkhanga pa tebulo la keke. Yanga ndavala, chifukwa wopanda nkhanga sakumulola kuyandikira zoimbira. Kukutentha ngati m'fakitale. Mpunga, nkhuku, kabichi, kalongonda pambali wa akuluakulu. Chakudya n'chokoma, zimene zandiwonjezera mkwiyo.

Ndakhala kuseri kwa masipika, ndikusintha nyimbo, ndikubwereza mawu anga chamumtima. Ndawakonza bwino, ali ndi mutu woyamba, wachiwiri ndi wachitatu.

Fanuwelo. Ndinkayembekezera chimunthu cha mimba, makiyi a galimoto pa chala. Ndi munthu woonda, suti yomukulira m'mapewa, thukuta lili kamukamu. Nthawi ya zithunzi wazemba, wafika pa tebulo langa, wagwada bondo limodzi.

"Achemwali, ndinu a kompyuta aja? Ndikudziwa kuti amafa. Ndinamulemba ndili pa sukulu, pano ndikatsegula sindimva n'zimene ndinalemba. Foni yanu ndimaiona, ndimachita mantha. Zikomo posawauza amayi."

Mutu woyamba, wachiwiri ndi wachitatu zonse zagwera m'mimba. Ndangoti konzani tayi, yapendama.

Kenaka zoyankhula. Abwana aimirira ndi shati yawo, akuti si iwo akunena, ndi sayansi, yayeza ntchito ya mkwati ndipo yapeza 0.83. Mu holo yonse wodziwa kuti 0.83 n'chiyani ndine ndekha, koma nthungululu zake mpaka malata kunjenjemera. Mlonda uja akufuula kumbuyo kuti mawu ake alimo.

Mayi a nthochi avina kuchokera kutsogolo mpaka kuseri kwa masipika. Andigwira dzanja, andikokera pakati, alanda maikolofoni kwa woyendetsa mwambo.

"Ine sukulu sindinapite. Tiyi ndathyola mpaka zala kupindika kuti mwana uyu aphunzire. Zimene amapangazo sindizidziwa, ndimangomva kuti zili pa sikelo. Mwananga, inu ndi amene mumazidziwa. Ndiuzeni pamaso pa anthuwa, ntchito ya mwana wanga ili bwanji?"

Maikolofoni ili pakamwa panga. A Waisoni akuyang'ana kudenga. Esinati waima pakhomo ndi chipande, akuyang'ana ine. Fanuwelo watsinzina. Dzanja la mayiwo lili m'dzanja langa, zala zake zopindikadi, zolimba ngati mizu. Ndaganiza za Tadala, ndaganiza za Epulo, ndakoka mpweya.

Ndati: "Amayesetsa, amayi. Ili bwino ndithu."

Holo yonse yaphulika. Mayiwo andikumbatira, andivinitsa, nanenso ndavina, manyazi ndi ukali zikundiwotcha m'makutu. Esinati podutsa ndi beseni la mbale wandinong'oneza: "Mwaonatu?" Chipande chija chikanakhala m'manja mwanga, bwenzi pano ndikulembera ku polisi.

Pobwerera, mvula. Yoyamba, ya madontho akuluakulu, fungo la dothi msewu wonse. Anthu pa lole akuimba kuti ukwati wadalitsika. Ine ndanyowa pa njinga mpaka nkhanga kumatirira m'miyendo.

LAMULUNGU

Ikugwabe. Ku tchalitchi sindinapite, ndakumana ndi anthu okwanira sabata ino. Pa windo minda yasintha kale mtundu, fumbi lonse latsukika. Masiku ochepa tiyi akhala ataphuka, mizere pa sikelo ifika kudamu.

Nanenso ndine wogwiritsa ntchito Dengu, ndiye mwachilungamo ndalowetsa yankho langa la dzulo. 0.84. Ndatseka laputopu.

Njirayo ilibe mlandu. Inamva zimene inauzidwa. Ndikadzaigwiritsanso ntchito, funso loyamba lidzakhala lakuti kodi Loweruka lino kuli chiyani.

Esinati wabwera ndi ambulera ndi mpunga wotsala m'kontena. Akuti mawa anthu ali okonzeka kunena zoona, ndibwere ndi mapepala ambiri, a Waisoni akufuna ayambe ndi iwo. Ndamuuza kuti zoona zawozo asunge pouma, zidzagwira ntchito kontirakiti ikadzatha, Tadala ali ku pulayimale. Mpunga ndalandira.

Fanuwelo watumiza uthenga, akuti akapumako pang'ono adzayang'ana vuto lija. Sindinayankhe. Naye aone mmene zimakhalira.

Nsalu ndachapa, ndayanika m'nyumba pa chingwe. Ikauma ndipita nayo kwa telala ku Masambanjati asoke kadiresi ka Tadala, nditumize pa basi. Msinkhu wake sindikuudziwa bwino. Ndimuuza asoke kokulirapo.

Ndaimba kunyumba. Bambo a Tadala angopereka foni kwa mwana.

"Anti, mubwera liti?"

Ndati si anti, ndine amayi ako.

Ndikumva akupumira pa foni. Kenaka mwaulemu, monga mwana wophunzitsidwa bwino akonzera munthu wamkulu amene wasokonezeka: "Ayi. Amayi anga ali ku ntchito."

Ndati zoona, mwanawe, ali ku ntchito.

Jekete la mvula ndapachika pa msomali wa pakhomo. Foni ili pa chaja pafupi ndi pilo, kuti ndidzaimve ikamadzalira m'mawa.